A Kalisto Makwinja, Amene Ankayamba Aona Kukhitchini

Malemu bambo anga, a Kalisto Amidu Makwinja, anabadwa pa 14 Malichi 1974 ku Mbulumbuzi, m'banja lachisilamu la malemu a Saidi Makwinja ndi malemu mayi Asiyatu. Anali achitatu mwa ana atatu, ndipo dzina lawo lobadwa nalo linali Amidu.

Ndisanapitirire, Bambo Mfumu, mafumu, a Shehe, akumpingo, achibale ochokera ku Mbulumbuzi ndi nonse, ine ndine Thokozile, mwana wawo wachiwiri. Mbiriyi imayenera kuwerengedwa ndi amalume, a Albert, koma bambo ali m'chipatala anapempha kuti ndilembe ndi kuwerenga ndine. Ndangolemba kumene mayeso a Fomu 4 ndipo sindinayambe ndayankhulapo pagulu. Mawu akachepa mundikhululukire. Ndamvanso kuti minibasi ya ku Mbulumbuzi inyamuka tikangochokera kumanda, ndiye ndiyesetsa kufulumira, chifukwa pali pempho limene ndikufuna lifike asananyamuke.

Mu 1981 malemu anayamba sukulu ya pulayimale ku Mbulumbuzi, masana n'kumapita ku madrasa. Azakhali a Tatu andiuza kuti kuyambira ali mwana sankatha kukhala pansi. Ankadya ataimirira, ankaloweza ataimirira, mpaka aphunzitsi anangowapatsa ntchito yoimba belu. Analekeza Sitandade 8 mu 1989, n'kuyamba kuthandiza bambo awo ndi achimwene awo, a Twaha, kugula nandolo m'midzi.

Mu 1995 anapita ku Limbe. Anayamba ngati kondakitala wa minibasi, ndipo mu 1998 anatenga laisensi. Mu 1999 anakumana ndi mayi anga, a Ellina, a kuno ku Nchema, amene ankakwera minibasiyo popita kukagulitsa matimati. Amayi amati bambo ankawasungira mpando wakutsogolo ponamizira kuti ndi wa madengu. Pa Pasaka wa 2001 malemu anabatizidwa mu mpingo wa Katolika n'kulandira dzina la Kalisto. Kwawo nkhaniyi inawawa, koma agogo a Asiyatu ananena kuti mwana ndi wawobe, ndipo kuukwati abwera.

Ndime yotsatirayi akuluakulu ena anati ndiisiye. Ndaiwerenga kangapo ndekha, ndinaifufutapo kamodzi, kenako ndinailembanso. Popanda iyi simumvetsa ntchito ya bambo, komanso bambo eni ake anandiuza kuti ndisaidumphe.

Ukwati unachitika pa 18 Ogasiti 2001, pabwalo lomwe lino. Achibale a ku Mbulumbuzi anabwera ambiri. Asanadye, a Twaha anaitanira mng'ono wawo pambali n'kuwafunsa ngati mbuzi yazingidwa ndi Msilamu, ndiponso ngati mapoto ndi apadera. Bambo anali pakati pa kujambulitsa ndi kulandira alendo. Sanapite kukaona. Anangoyankha kuti zonse zili bwino, adye momasuka. Anadya onse, ndi agogo omwe. Madzulo ake zinamveka kuti mbuzi inazingidwa bwinobwino, koma ophika, posadziwa, anaiphikira m'sefuliya imene m'mawa munali nyama ya nkhumba, chipande n'chimodzimodzi. Panalibe wochita dala. Koma amene ananena kuti zonse zili bwino anali bambo. Kuyambira tsiku limenelo a Twaha sanadyenso chilichonse chopatsidwa ndi mng'ono wawo, ngakhale nthochi. Pamaliro ndi pamatenda ankabwera, moni ankapereka, koma nthawi ya chakudya ikakwana ankatsanzika. Papita zaka 24.

Mu 2003 malemu analembedwa ntchito yoyendetsa galimoto pa kampani ina yogula nandolo ndi soya ku Limbe. Pakalata panalembedwa kuti dalaivala, koma pasanathe zaka ziwiri anali ndi ntchito ina yosalembedwa paliponse. Kukabwera alendo oti akambirane nawo za malonda pa nkhomaliro, abwana ankaitana bambo n'kuwafunsa kuti lero tikadyera kuti. Bambo asanayankhe ankafunsa kaye kuti mlendoyo ndi ndani, amapemphera kuti, abwera angati, ndipo nkhaniyo ndi yogwirizana kale kapena yokokana.

Mahotela akuluakulu sankawakonda. Ankati kumeneko n'kosainira mapepala, koma munthu samasukako. Iwo ankadziwa malesitilanti ang'onoang'ono a m'makwalala, ku Kanjedza, Chitawira, Naperi, Namiwawa ndi kuseri kwa msika wa Limbe. Ankafuna malo oti wailesi yakanema akhoza kuitsitsa, tebulo lotalikirana ndi chitseko komanso chimbudzi, posamba m'manja pokhala ndi sopo, poimika galimoto poti wina sakutsekera, ndi chakudya chobwera pasanathe mphindi makumi awiri. Ankati chakudya chikachedwa anthu amayamba kuyang'ana mafoni, nkhani n'kuzizira. Nsomba ya minga yambiri ankaikana ngati pali mapepala oti awerengedwe. Mlimi wochokera kumudzi sankamutengera kumalo oika mafoloko atatu, chifukwa munthu akachita manyazi amavomera zilizonse kuti angochokapo, mawa n'kukana. Wa Sabata sankamupititsa kophika mlamba. M'mwezi wa Ramadani, mlendo akakhala Msilamu, ankauza abwana kuti nkhomaliro iiwalike, akumane m'mawa muofesi. M'thumba la jekete ankayenda ndi kachidutswa ka katoni koika pansi pa mwendo wa tebulo likamagwedera. Amayi akachotsa pochapa, mawa lake mumapezeka kena.

Koma choyamba pa zonse chinali khitchini. Cha m'ma 11 koloko, alendo asanafike, ankapitako okha n'kulowera khomo lakuseri. Ankavundukula mapoto, kufunsa amene wazinga nkhuku, kufunsa kumene nyama yagulidwa, kuona ngati chipande cha uku chikupita uko. Ophika anawapatsa dzina loti a Inspekitala. Mayi wina wa ku Chitawira ankawauza kuti tsiku lina adzawaveka epuloni atsuke mbale, poti amakonda kukhitchini kuposa eni ake. Bambo ankangoseka, poto wotsatira n'kuvundukulabe. Sankauza mlendo kuti zonse zili bwino asanaone ndi maso awo.

Mu Seputembala 2012 kampani inaitana atsogoleri a ogula nandolo a ku Chiradzulu. Mmodzi mwa iwo anali bambo aakulu, a Twaha. Malemu anakonzekera sabata yathunthu. Anasankha lesitilanti ya mayi Ruqaiya ku Limbe, mayi wachisilamu amene nyama yawo imazingidwa ndi amuna awo. Anapitako katatu. Tsikulo anawatula alendo n'kubwerera m'galimoto monga mwa nthawi zonse, koma anaimika poonekera windo. Chakudya chitabwera, a Twaha anafunsa amene wasankha malowo. Atauzidwa, anathokoza, n'kutulutsa botolo lawo la madzi. Malonda anayenda, mapepala anasainidwa, mbale inabwerera yosakhudzidwa. Mayi Ruqaiya akuti anawatengera bambo chakudya kugalimoto, nawonso sanadye.

Nkhaniyi sindikuinena kuti ndidzudzule bambo aakulu. Bambo sanawadzudzulepo. Ankati achimwene anafunsa funso loyenera pa nthawi yoyenera, wolakwa ndi amene anayankha asanaone.

Ine zonsezi ndinazimva mu Disembala 2023, nditapita kukakhala nawo pa holide ku Bangwe, kumene ankakhala chifukwa cha ntchito. Loweruka lina ananditenga poyendera malo atsopano. Ndiulule pano kuti ndinachita nawo manyazi. Munthu wamkulu, wovala jekete, kumasuzumira m'mapoto a eni, atsikana ophika akuseka. Ndinatsala panja n'kumayang'ana foni yopanda mayunitsi ngati sindikuwadziwa. Kusukulu ndinkauza anzanga kuti bambo amagwira muofesi. Iwo anaona, koma sanakalipe. Anandigulira fanta, tinakhala m'galimoto, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawaona atakhala phee osagwedeza mwendo. Ndi pamene anandifotokozera za sefuliya ija. Sindinawapepese tsiku limenelo. Ndinkati ndidzapepesa ndikamaliza mayeso, kenako ndinati zotsatira zikatuluka.

Mu 2022 malemu anawapeza ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Anapitirizabe ntchito mpaka Malichi chaka chino, pamene maso anayamba kuvuta ndipo anabwerera kuno ku Nchema. Ngakhale ali kuno foni sinkaleka kulira. A kuofesi ankafunsabe kuti mlendo wakuti timutengere kuti, iwo n'kumayankha akuzungulira bwalo, n'kumalizira kuti koma mukalowe kukhitchini kaye. Pa 27 Seputembala anagwa m'dimba, mbali imodzi n'kufa. Tinawatengera ku chipatala cha boma ku Chiradzulu. Bambo aakulu anabwera kudzawaona kawiri. Ulendo wachiwiri bambo analoza malalanje amene anali pa kabati ndi dzanja limene linkagwirabe ntchito. Bambo aakulu anawagwira dzanjalo nthawi yaitali, koma malalanje anatsala pomwepo. Malemu anatisiya Lolemba pa 6 Okutobala 2025, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 51. Anapempha kuti aikidwe kuno, ndipo akwawo anavomera. Tikuthokoza.

Kutatsala masiku awiri kuti amwalire anandiuza zinthu ziwiri, mawu akutuluka movutikira. Choyamba, ndilembe mbiri yonse osadumpha. Chachiwiri, pa maliro awo ndikaone ndekha kukhitchini.

Ndiye ndikupereka lipoti. Chakudya cha lero chili pawiri. Kuseri kwa nyumba ya amalume akuphika amayi a mpingo. Pansi pa mtengo wa mango, kumtunda uko, akuphika mayi Ruqaiya, amene anatseka lesitilanti yawo dzulo n'kubwera ndi masefuliya awo, zipande zawo, mbale zawo ndi mpeni wawo. Palibe chiwiya cha pamudzi pano chimene chapita uko. Madzi atunga okha pa mjigo m'zidebe zatsopano. Ndavundukula poto aliyense. Ndafunsa za mafuta, ndafunsa za mchere. Benchi limodzi limagwedera, ndaikapo katoni imene ndinaipeza m'jekete la bambo.

Dzulo masana ndinapita pamene anakhala bambo aakulu, ndinagwada, n'kuwapempha kuti mbuzi adzazinge okha. Anangondifunsa ngati ndine uja ndinkalira akandinyamula.

Ndime iyi ndaiwonjezera lero ndi pensulo. M'mawa uno dzuwa litangotuluka bambo aakulu anabwera kumtengo wa mango atapinda manja a malaya. Mbuzi azinga okha. Atatha anayendera masefuliya onse, kuwatembenuza limodzilimodzi, monga ankachitira mng'ono wawo. Za kudya sananene kanthu. Koma pochoka anabwerera n'kuuza mayi Ruqaiya kuti tsabola asachulutse, chifukwa m'mimba mwawo masiku ano simugwirizana naye. Ine ndine mwana, mwina ndamva molakwa. Koma sindikuganiza kuti munthu wongodutsa angadandaule za tsabola.

Bambo aakulu, azakhali, ndi nonse a ku Mbulumbuzi, pempho langa ndi limeneli. Tikachoka kumanda musalunjike kumsewu. A dalaivala ndayankhula nawo, avomera kudikira, nawonso mbale yawo ilipo. Zonse zili bwino. Ndaona ndi maso anga.

Malemu asiya mkazi, mayi Ellina, ndi ana atatu: achimwene a Lloyd, ine Thokozile, ndi mng'ono wanga Tadala amene ali Sitandade 6. Asiyanso mdzukulu mmodzi, achimwene awo a Twaha ndi achemwali awo a Tatu. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, a kuntchito kwawo chifukwa cha galimoto ndi bokosi, Bambo Mfumu ndi akwaya, a Shehe pobwera kudzakhala nafe, adzukulu okumba manda, amayi onse ophika mbali zonse ziwiri, ndi mayi Ruqaiya amene akana kuti tiwathokoze pagulu, koma ndawathokozabe.

Bambo, pepani chifukwa cha tsiku lija ndinatsala panja. Lero ndalowa. Inu khalani pansi tsopano, mupume. Mzimu wanu uuse mumtendere.