Dalitso Lomwe Linandipulumuka Pamlatho

Olemekezeka abusa athu ndi amayi busa, olemekezeka akuluakulu a bungwe la utumiki amene mwayenda ulendo wautali kudzakhala nafe, anamwino athu awiri, amisiri amene mwamanga kachipatala ka mpingoka, amayi ndi abambo nonse, landirani moni wanga.

Atandiuza kuti mlendo wolemekezeka ndine, ndinaseka, chifukwa ine ndine telala chabe, mpando wakutsogolo sindinauzolowere. Koma poti mwandipatsa mpata ndiyankhula, paja mukundidziwa kuti pakamwa panga sipatsekeka.

Chaka chija boma litagwa, ife Akhristu, ochepa chonchi m'tauni yonse, tinasanduka anthu osakidwa. Tchalitchi chathu anachikhomera matabwa. Abusa tinawabisa kuseri kwa shopu yanga, m'kachipinda kosungira nsalu, ndipo mankhwala awo a shuga atatha anayamba kufooka ife tikuona. A bungwe la utumiki sanatitaye. Anatumiza mankhwala ndi dalaivala wa lole, koma iye anathera tsidya lina la mlatho, pomwe asilikali anatseka msewu. Wokawatenga ndinali ine.

Ndinawasokerera mumpendero wa diresi la ukwati. Amayi busa anali atandilangiza kawiri katatu kuti pamaso pa asilikali ndisatchule dzina la Ambuye, ndingoyankha zimene ndafunsidwa. Pobwerera pamlatho paja, msilikali wina anatambasula diresi lija, nandifunsa zambiri, kenaka nandibwezera. Ine ndi chimwemwe mawu anangondipulumuka, monga ndichitira kwa kasitomala aliyense: "Ambuye akudalitseni, mwananga."

Abale anga, msilikali uja anandiyang'ana nthawi yaitali, mnzake ali chapafupi ndi mfuti. Kenaka anakweza mawu kuti mnzakeyo amve: "Mayi, khutu langali ndi logontha, musanditayitse nthawi. Pitani, mkwatibwi akudikira."

Sanali wogontha ayi, poti mayankho anga onse anali atawamva bwinobwino. Abusa analandira mankhwala tsiku lomwelo, ndipo ndi awa akhala apawa, akundiyang'ana ndi diso loti ndifupikitse.

Inu a bungwe la utumiki, munatikumbuka pamene ena ankaopa ngakhale kutipatsa moni pamsewu, munatitumizira mankhwala pamene tinalibe kolowera, ndipo lero mwatimangira nyumba yoti odwala asamabisalenso m'nsalu. Mtima wanga wadzaza, mawu othokozera andichepera.

Msilikali uja sindinamuonenso. Dzina lake sindilidziwa, ngakhale kumene amapemphera. N'chifukwa chake ndikupemphani anamwino: munthu akalowa pakhomo ili musamufunse za chipembedzo chake, mufunseni pamene pakupweteka. Mwina tsiku lina wolowayo adzakhala iyeyo, ndipo simudzamudziwa.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti chipatala chino chatsegulidwa kwa aliyense. Zikomo kwambiri, ndipo lero ndinena mosaopa, Ambuye akudalitseni nonse.