Mayi Otembenuka Thupi Lonse

Anzanga omvera, ndine mayi wa ku Tottenham, mu London muno, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Khosi landizunza zaka zisanu. Adokotala anati angandipange opaleshoni yolumikiza mafupa a m'khosimu ndi zitsulo, koma sindidzacheukanso ngati kale. Ndinachita mantha, kalata yawo ndinangoiponya m'chikwama.

Kutchalitchi kwathu kuli mayi ena achikulire, anesi opuma pantchito. Ukawaitana amatembenuka thupi lonse n'kukuyang'ana, ndipo tonse tinkati ndi ulemu wawo. Lamlungu lina anandiona ndikusisita khosi, ndiye ndinawafotokozera. Anaseka, n'kuchotsa mpango kundionetsa chipsera.

"Mwana wanga, mumati ndimatembenuka chonchi chifukwa cha ulemu, ulemu wake uti? Khosili n'la zitsulo. Sindikunamiza, ululu sunathe wonse, ndipo kuyendetsa galimoto ndinasiya. Koma zidzukulu ndimanyamula. Chochita usankha wekha. Lemba mafunso ako onse, tipitire limodzi kwa adokotalawo."

Anabweradi, mabasi awiri kuchokera kwawo ku Thamesmead mvula ikugwa, ndipo sanandilole kudzuka pampando mpaka adokotala atayankha funso lomaliza. Ndinasaina ndekha kuvomera opaleshoniyo.

Iwo akuti si ulemu. Ine ndikukana. Mu London muno palibe munthu amene ananditembenukirapo ngati mayi amenewa.