Mbiri ya Mayi Thongbai ndi Duwa la M'botolo

Malemu Mayi Agnes Thongbai Saelim anabadwa m'chaka cha 1946 kuno ku Tha Kham, m'boma la Sam Phran, m'banja la alimi a kokonati. Anaphunzira kwa masisitere. Sukulu inawakonda, koma mpunga wa m'nyumba sunakwane, choncho anailekeza panjira.

Mu 1968 anamanga ukwati woyera ndi Bambo Sawaeng. Pofunsira mbeta, anyamata ena ankabwera ndi golide. Bambo Sawaeng anabwera ndi duwa la okidi lomera pa chikhokho cha kokonati, loyera, la lilime lofiira. Makolo a malemu anafunsa kuti, "Kodi chimenechi chimadyedwa?" Mayi Thongbai analandira duwalo, ndipo mwini wake analowera pomwepo.

Mu 1974 analembedwa ntchito yotsuka mabotolo ku labotale ya maluwa ku Bangkok. Anatsuka, akuyang'ana, mpaka anawapatsa mpeni. Ntchito yake ndi iyi, kwa inu amene mumangoona maluwa pamsika. Umadula nsonga ya mphukira, kachidutswa kochepa kuposa njere ya chitowe, n'kukaika m'botolo momwe muli phala loundana la madzi a kokonati, nthochi ndi shuga. Kanthu kaja kamatupa, umakagawa, zigawozo n'kutupanso. Mbewu imodzi imasanduka chikwi, ndipo zonsezo si ana ake ayi, ndi iyo yomweyo! Mdani ndi mmodzi, chuku. Mpweya wa m'kamwa wokha umapha botolo lonse. N'chifukwa chake malemu, amene kunyumba sankapatsa munthu mpata woyankha, anagwira ntchito moyo wawo wonse osatsegula pakamwa.

Atabwerera kuno anatsegula kalabotale kuseri kwa nyumba. Mabotolo abwino anali aphwatalala aja a mowa, ndiye mayi woimba kwaya, amene sanalaweko dontho, ankayenda m'mabala ndi thumba. Bambo Mfumu a nthawi imeneyo anawaitanira pambali kuti awalangize. Malemu anatuluka m'nyumba ya ansembe atanyamula mabotolo ena.

Bambo Sawaeng anatisiya mu 2009. Mu 2011 madzi osefukira anameza munda wonse. Malemu anakwera bwato atasiya wailesi ndi zovala, atakumbatira duwa lofunsira mbeta lija. Linapulumuka, koma linayamba kuola, n'kutsala ndi mphukira imodzi. Apa panali mwambi wovuta. Kuisiya, mwina ichira, mwina ifa. Kuidula, duwa la amuna awo lifa ndithu, ndipo chiyembekezo chonse chitsalira pa kachidutswa kosaoneka bwino ndi maso. Alamu awo, Bambo Wichian, anati, "Mlamu, manja anuwo akunjenjemera ngati ukonde wa nsomba. Mukufuna kupha achimwene kachiwiri?" Malemu anayankha kuti, "Inu mlamu, tulukani, mukupumira mabotolo anga."

Anadula. Duwa lakale linauma. Kachidutswa kaja kanada, ife tonse n'kumayenda chonyang'ama. Kenako m'mawa wina tinamva mfuu kuseri. Kabiriwira! Aka kanali koyamba malemu kufuula mu labotale, ndipo anathamangira panja kukamalizira.

Koma nkhani sinathere pomwepo. Okidi wa mtunduwu amatenga zaka kuti achite maluwa, ndipo wotuluka m'botolo nthawi zina amasintha maonekedwe. Kodi lidzakhala lomwe lija? Chaka chatha matenda a impso anawagwira, mbewu zochokera ku kachidutswa kaja zikadali masamba okhaokha. Mwezi uno zinatulutsa mphundu za maluwa. Adzukulu anapita nayo mbewu imodzi kuchipatala. Malemu anaiyang'ana nthawi yaitali nati, "Musaikakamize. Agogo anu aamuna sanafikepo msanga paliponse." Anamwalira Lolemba, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, mphunduzo zili chitsekere.

Anamfedwa, yang'anani pamwamba pa bokosi. Dzulo m'mawa zatseguka! Loyera, lilime lofiira! Bambo Wichian, amene anaperekeza achimwene awo kukafunsira, aliyang'ana atavala magalasi, aliyang'ananso atavula, ndipo avomera kuti ndi lomwelo. Malemu ankakonda kufunsa adzukulu kuti duwa lotuluka m'botolo limakhala ndi zaka zingati. Ili latseguka dzulo, komanso ndi lomwe linalowa m'nyumba ya makolo awo mu 1968. Bambo Sawaeng abweranso kudzafunsira, mochedwa monga mwa nthawi zonse.

Malemu asiya ana atatu, Suda, Narong ndi Pranee, adzukulu asanu ndi awiri, mchemwali wawo Mayi Lamduan, alamu awo Bambo Wichian, ndi mabotolo odzaza mashelefu. Banja lapempha kuti potuluka kumanda aliyense atenge botolo limodzi. Chonde musalitsegule, ndipo musalipumire.

Mayi Thongbai, chete amene munamusunga pa ntchito uja wabala maluwa. Apumule mu mtendere.