Mpira Wadutsa Malire a Eni

M'nyumba ija ya pafupi ndi msika wa Katete, momwe kale tinkagulamo mabuku ndi inki tauni ino isanasanduke ya mashopu obetchera mpira okhaokha, Julius Sakala wapachikamo chinsalu choyera, wayala udzu wa pulasitiki, n'kulemba pakhomo kuti GOFU WA M'NYUMBA. Makina oonetsa bwalo la gofu pachinsalupo anabwera nawo kuchokera ku Joni, komwe anakalambira akunyamulira mabwana zikwama za ndodo za gofu, koma chitsegulire palibe walipirapo olo ngwee, ndipo mkazi wake Agness wanena kale kuti mwezi ukatha chonchi m'chipindamo mulowa nkhuku. Ndiye pamene a Isaac Mbewe, mkulu wa mpingo wa ku Mkaika yemwe anali atangogulitsa soya, anasuzumira pakhomo pothawa dzuwa la Okutobala, Julius anawagwira dzanja osawasiyanso.

"Lowani, bambo, lowani! Mwafika ku Sikotilandi."

"Ndafika kwa mwana wa malemu Sakala," anatero a Mbewe akuvula chipewa. "Madzi akumwa alipo?"

"Madzi pambuyo. Taonani kaye apo."

Pachinsalupo panali udzu wobiriwira mpaka kumapiri, dziwe pakati, ndi kanyumba ka mpanda wamaluwa chakumanja. A Mbewe anayang'anitsitsa, manja kumbuyo.

"Mvula inagwa liti kumeneko?"

"Imagwa deile."

"Nanga ng'ombe zili kuti?"

"Kulibe ng'ombe."

"Zinafa ndi chigodola?"

"Sizinafe, bambo, salola. Udzu umenewo ndi wa masewera."

"Dimba lonseli, madzi ali pompo, osabzala olo repu? Anthu ake ndi odwala?"

"Ndi olemera."

"Ooh," anatero a Mbewe mwachisoni. "Tiziwapempherera."

Julius anawapatsa ndodo yachitsulo, n'kuika kampira koyera pa udzu. "Mumenya kampiraka kulunjika pachinsalu. Kompyuta iona mphamvu yanu, ikuonetsani komwe kagwera. Mumalipira pa ola."

"Kulipira ndani?"

"Ine."

"Ndimenye ine, thukuta langa, ndilipirenso ine?"

"Ndi mmene bizinesi yake imayendera dziko lonse."

"Kwathu wopuntha soya ndi amene amalandira."

"Iyi si ganyu, bambo, ndi chisangalalo!"

"Chisangalalo cha ndani?"

"Chanu!"

"Sindinayambe kuchimva." A Mbewe anaitembenuza ndodo ija, n'kuigogoda pansi ngati akuyesa mpini. "Tandiuza, iwe Julius. Malowa alipodi, kapena ndi chithunzi chabe? Chifukwa za zithunzi ine sindilipira. Kalendala ya kutchalitchi ili ndi Yerusalemu yense, ndimaiona ulere."

Julius anadzigwira pachifuwa ngati amulasa. "Chithunzi? Bambo, malo awa ndi enieni! Mtengo uliwonse, mwala uliwonse, anachita kuyeza. Mukamenya pano ndiye kuti mwamenya kumeneko."

"Ukunenetsa?"

"Ndingalumbire."

"Usalumbire, n'kulakwa. Eya wako akhale eya."

"Eya! Yesani kamodzi, koyambaka ndi firii."

A Mbewe anavula jekete, analavulira m'manja, n'kuigwira ndodo ija ngati akutchetcha udzu kumanda. Phaa! Kampira kanagunda chinsalu n'kugubuduka kubwerera paphazi pawo. Koma pachinsalupo kanauluka, kanakhotera kumanja, kanalumpha mpanda uja n'kuzimirira m'maluwa a kanyumba kaja. Makina analira kuti tii, panatuluka malemba ofiira.

"Akuti bwanji?"

"Zazing'ono. Akuti mwadutsa malire."

Ndodo inagwa pansi. "Malire a ndani?"

"A bwalo la masewera, basi. Menyani wina."

"Koma mpira uli apa paphazi panga."

"Ilo ndi thupi lake chabe. Weniweni uli uko."

"Uli ndi mzimu?"

"Iyayi, bambo, ndikutanthauza..."

"Wanena wekha kuti ndikamenya pano ndamenya kumeneko."

"Ndanena."

"Ndiye ndaponya chinthu m'dimba la munthu wosamudziwa, mwini wake osandilola." A Mbewe anasendera pafupi ndi chinsalu, anawerama pang'ono, n'kuomba m'manja mwaulemu. "Odi kumeneko! Odi, eni nyumba!"

"Sangamve, bambo!"

"Kweza voliyumu."

"Aaa, mayo ine! Kumeneko zimenezi sadandaula nazo. Mipira imagwa tsiku ndi tsiku."

"Tsiku ndi tsiku? Yochokera muno?"

"Yochokera kulikonse!"

"Munthu wa Mulungu uja akuvutika chonchi, dziko lonse likumugenda, palibe olo mmodzi wopita kukapepesa?" A Mbewe anapukusa mutu. "Iwe unachoka uli mwana, mwina unaiwala. Kuno mzere umodzi wa mbatata ukalowa kwa mnzako, abale amasiya kudyerana mpaka pamaliro. Ine ndaweruzapo milandu ya malire yosawerengeka, ndiye lero ndikhale wodutsa ndine?"

"Tangomenyani wachiwiri, muona kuti mtima ukhala pansi."

"Ndiwonjeze mlandu pa mlandu? Iyayi. Lamulungu ndikaimirira pamaso pa mpingo, ndikaulule, ndikachenjezenso abale kuti kwa mwana wa Sakala amagendetsa anthu m'madimba a eni."

Julius anawerengera msangamsanga mumtima. Mpingo umenewo ndi wa aphunzitsi ndi alimi a soya, anthu okhawo a ndalama m'thumba mwezi uno. Akanati ndi chithunzi, mkuluyo sakanalipira. Akanati ndi zoona, mpingo wonse ukanamadutsa patali. Anayang'ana chinsalu, anayang'ana thumba la jekete la a Mbewe lomwe linali lotupa bwino, nkhope yake inawala ngati malaiti abwera masana.

"Bambo," anatero motsitsa mawu, "mwandigwira. Mlandu ulipodi."

"Ndimadziwa."

"Mwini dimbalo ndimamudziwa. Ndi a Kambelo. Munthu wovuta zedi, sagona maluwa ake akathyoka."

"Ali ndi chifukwa."

"Koma safuna zopita kumpingo. Amangofuna chindapusa, nkhani ithere pomwepo. Chimaperekedwa kudzera mwa ine, ine ndimatumiza pafoni."

"Tsopano ukuyankhula ngati mwana wa bambo ako. Nkhuku ikwana?"

"Nkhuku musazitchule muno!"

"Bwanji?"

"A Kambelo amadana nazo. Komanso awo ndi maluwa a ku Ulaya, bambo, feteleza wake ndi wodula."

"Ndiye chiyani?"

"Mbuzi."

"Yaimuna?"

"Yaikazi." Julius anaona kuti mkuluyo sanagwedezeke, ndiye anawonjeza. "Yabere."

A Mbewe anakhala pampando, anaganiza, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndi chilungamo. Maluwa anali atamasula, ndawaona. Ndikanaweruza ine, sindikanachotsapo kanthu."

"Eyaa! Ndipo aliyense wodutsa malire muno zizikhala choncho."

"Aliyense. Lamulo lisamasankhe nkhope."

"Mukauzenso a kumpingo kuti kuno zinthu zimayenda mwachilungamo."

"Ndikawauza ndithu. Abwere adzaone mnyamata wolemekeza malire."

Julius anatulutsa foni. "Ndiye mupereka kashi kapena..."

"Dikira. Mlandu sauthamangira." A Mbewe anatola kampira kaja n'kukayang'ana mbali zonse. "Aka n'ka ndani?"

"Kanga. Orijino, kochokera ku Joni."

"Ndodoyi?"

"Yanga."

"Kamagona kuti kampiraka?"

"Muno, m'bokosi umo."

"Anakatulutsa m'bokosi ndani?"

"Ine, koma..."

"Anandiuza kuti ndikamenye ndani?"

"Ine, bambo, koma womenya ndinu!"

"Ine ndinali mbusa chabe, wa ulere, wanena wekha kuti firii. Ng'ombe zikalowa m'munda wa eni, sitigwira mbusa. Timafunsa kuti zimagona m'khola la ndani."

"Iyayi, iyayi, iyayi! Gofu sayenda choncho!"

"Malire amayenda choncho. Ndipo za pafoni usiye, chindapusa chimafunika chioneke ndi maso. Mbuziyo uimange pakhomo pano, mboni ndine, mpaka a Kambelo atume munthu."

"Mbuzi ndiitenga kuti ine? Ndilibe olo mphaka!"

A Mbewe anavala jekete, anavala chipewa, n'kumusisita paphewa mwachifundo.

"Usalire, mwananga, bambo ako anali mnzanga. Yabere ndili nayo, ndikugulitsa pamtengo wapachibale. Ndipo anzanga a kumpingo akayamba kubwera, uzindiuziratu: khola langa ndi lodzaza."