Ndinapuma utsi wa asidi ku Cowdray Park

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ine ndine Banda wa ku Sizinda, ndimagwira ntchito yozimitsa moto. Ndikufuna ndikuuzeni za tsiku limene mapapo anga anadzaza madzi ndili pamtunda pouma, ndi za munthu amene Mulungu anamutuma.

Kuntchito kuli mayi wina wa ambulansi, MaNcube. Ine ndi iye sitinkamwerana madzi. Pakamwa pake ndi powawa, ndipo ankakonda kundinyoza pagulu kuti ndine Mnyasa wouma mutu, poti makolo anga ndi obwera m'dziko lino. Ndinkagwada n'kumapempha kuti Ambuye amuchotse panjira yanga, amusamutsire kutali, ngakhale ku Hwange.

M'mawa wina anatiitana ku Cowdray Park. Munthu wina wogula golide ankasunga asidi wa nayitiriki kuchipinda chakuseri, woyeretsera golideyo, ndipo chigubu chinang'ambika. Tinapeza utsi wofiirira ukutuluka pakhomo. Anthu anatilandira ndi mwano, ena atatola kale miyala, akuti tachedwa, akuti tabwera kudzaonerera. Titawauza kuti asunthire kumene mphepo ikuchokera, anatiwowoza.

Pakhomopo panali mwini nyumba, a Phiri, mkulu wopuma ntchito ya kumgodi, akuthira utuchi pa asidiyo kuti uyamwe. Utuchi ukakumana ndi asidi ameneyu umatentha, utsi n'kuchuluka, mwinanso moto. Ndinakuwa, koma mawu ankathera m'masiki. Nditamva akung'ung'udza m'Chichewa, ndinachita manyazi kukalipira kholo langa nkhope ili yophimba. Ndinavula masiki n'kunena kuti, “Bambo, chonde siyani, tiyeni kuno.” Anandimvera. Koma utsi uja unali utandilowa.

Ndinatsokomola pang'ono, basi kenako bwinobwino. Akazi a a Phiri anabweretsa mkaka, tonse awiri tinamwa. Bambo anga nawonso ankatero kumgodi, ankati mkaka umatsuka poizoni. Ntchito itatha ndinkafuna kubwerera ndi anzanga, koma MaNcube anaima kutsogolo kwanga.

“Wena Banda, ngena,” anatero m'chinenero chakwawo, akuloza ambulansi kuti ndikwere. “Mkaka wapita kumimba, utsi wapita kumapapo. Zikumana kuti?”

“Mayi, ndilibe vuto. Kapezeni wina womulamula.”

“Ukafere m'manja mwa ena, osati pa shifiti yanga. Ukakana ndikuuza bwana wako kuti unavula masiki.”

Ndinakwera mtima ukuwira. MaNcube anachondereranso a Phiri kuti akwere, koma ana awo anamutchingira, akuti mdala wamwa mkaka ndipo wa ambulansi asawaopseze. Anamukankha mpaka anagwira chitseko cha galimoto.

Kuchipatala anandigoneka kuti andiyang'anire. Ndinakhala tsiku lonse ndili wamphamvu, ndikuwiringula, ndikumunenera MaNcube zoipa mumtima. Ndinafunsa Mulungu kuti bwanji wandipereka m'manja mwa mdani wanga. Dzuwa likupendeka, chifuwa chinayamba kuthina ngati wina wachimanga ndi waya. Ndinatsokomola thovu, milomo inada, mpweya unakana kulowa. Pemphero lalitali linandikanika. Ndinangoti, “Yesu, ndikumira.” Anamwino anali pafupi, mpweya wa m'botolo unalinso pafupi. Ndikanakhala ku Sizinda, mkazi wanga akanakhala akuthamanga mumsewu kufunafuna galimoto.

Nditatsitsimuka patapita masiku, ndinamva kuti a Phiri anawabweretsa mochedwa, ndipo anaikidwa kale m'manda. Ndinalira, chifukwa tinamwera kapu imodzi. Sindine wolungama kuposa iwo. Chifundo chokha ndi chimene chinandisiya ndi moyo.

Anzanga ozimitsa moto ndi a ambulansi, utsi wa asidi ameneyu ndi wachinyengo, umakusiya uyende kenako n'kukutsatira kunyumba. Musavule masiki chifukwa cha ulemu kapena mwano wa anthu. Musathire utuchi kapena nsanza pa asidi wotayika. Asidiyo akakugwerani pakhungu, vulani chovalacho, tsukani ndi madzi ambiri. Mukapuma utsiwo pitani kuchipatala ngakhale mukumva bwino, mkaka usakunamizeni.

Ndikuthokoza Atate wakumwamba chifukwa anakana pemphero langa. Inu amene mukulimbana ndi munthu wovuta, limbikani, musafulumire kumuuza Mulungu woti achotse.

Nditabwerera kuntchito ndinapita kukamuthokoza MaNcube. Sanandipatse dzanja. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, “Mutu udakali wouma?” Mpaka lero sandipatsa moni. Ine ndimamutchula dzina m'mawa uliwonse pamaso pa Ambuye, kuti amusunge pomwepo.