Zala Zitatu za Mavekita

Pa siteji ya basi ku Zingwangwa, Aziza ankapotokola zala pamwamba pa buku la masamu, mayeso ali mawa. Bambo wina anasuzumira, dzanja lili m'thumba la jekete.

"Mavekita? Ndinkaphunzitsa mivi ya m'masamu imeneyo. Pali njira ziwiri zoichulukitsira, doti ndi kolosi. Mivi iwiri ikaloza kumodzi, doti imakula, kolosi imafa. Ikakumana ngati ngodya ya chitseko, imafa ndi doti."

"Nanga kolosiyo imaloza kuti, bambo? Akuti zala zitatu za dzanja lamanja zimasonyeza. Tandionetsani."

"Ndingakuthandize doti yokha, mwanawe."

"Bwanji?"

Bamboyo anatulutsa dzanja lija, lamanja, zala zake zili zokhotakhota, zouma gwa.

"Apolisi anaziphwanyira pachitseko atanditenga chifukwa cha kalata ya mchimwene wanga wothawira ku Tanzania. Usaziyang'anitsitse, anthu akutiona."