Mwamuna wa M'nyumba Yosanja

Namwino wina ankakonzekera mayeso olankhula Chingerezi, oti akawapambana akapeze ntchito kuchipatala cha kunja, ndipo ulendo woyamba analephera chifukwa mawu anamuthera pakati pa yankho. Lamlungu masana anatumiza ana kwa azakhali awo, nakhazika mwamuna wake, telala, kuseri kwa tebulo lodyerapo, n'kumupatsa foni ya mafunso kuti akhale woyesa.

"Jekete ndi la chiyani kukutentha chonchi?" anafunsa namwino.

"Munati ndikhale woyesa. Woyesa wovala vesiti munamuona kuti?"

"Chabwino. Koma tepiyo chotsani m'khosimo."

"Iii, ndiye ndikuyezani ndi chiyani?"

"Amuna anga, yambani."

Telala anakhosomola, nakhala mowongoka. "Gudu afutanuni."

"Gudu afutanuni, bwana."

Anawerenga funso loyamba m'Chingerezi chake cha kusekondale, chala chikutsata liwu lililonse. "Fotokozani nyumba imene mumakhala."

Namwino anamwetulira monga anamuphunzitsira, nayankha m'Chingerezi chosalala. "Ndimakhala m'nyumba yosanja yopaka utoto woyera. Chipinda chogona chili pamwamba, ndipo m'mawa ndikatsegula zenera ndimaona mapiri ndi..."

"Dikirani kaye." Telala anali atayang'ana kudenga. "Pamwamba pake pati? Pamwamba apa pali malata ndi mphaka wa aneba."

"Aphunzitsi athu anati woyesa sabwera kudzayendera nyumba. Amangomvera ngati lilime likuyenda."

"Ndiye kuti ndi mayeso a bodza?"

"Ndi mayeso a Chingerezi."

"Ooo! Kodi n'chimodzimodzi?"

"Tamverani. Nyumba yathuyi ndingaifotokoze kwa mphindi ziwiri? Zipinda ziwiri, chitseko cholira, basi. Ulendo uja ndinanena zoona, mawu n'kutha, ine kukamwa yasa, woyesa akungondiyang'ana."

"Zoti mahinjesi ndinathira mafuta munanena?"

"Funso lachiwiri!"

Telala anapukusa mutu, nabwerera pafoni. "Mukaweruka kuntchito mumakonda kuchita chiyani?"

"Ndimakonda kusambira. Madzi amandichotsa kutopa, ndipo..."

"Inuyo? Kusambira?"

"Musandidule."

"Tsiku lija powoloka kamlatho ka matabwa munatsinzina, n'kundigwira lamba mpaka linaduka. Ndinafika kuukwati wa eni ake nditagwira buluku m'manja."

"Woyesa sadziwa za lamba."

"Woyesa uyu ndiye anali mwini lambayo."

"A Telala, ntchito yanu ndi kufunsa. Kuyankha n'kwanga."

"Chabwino, mayi wosambira. Funso lachitatu. Fotokozani za mnzanu wapamtima."

Ili ndiye linali funso limene namwino ankalikonda. Koma pajatu m'Chingerezi mwamuna amamuti hi, mkazi amamuti shi, ndipo ngakhale mnzakeyo anali mkazi, lilime la namwino linaterereka.

"Mnzanga wapamtima ndinakumana naye kusukulu ya unamwino. Hi ndi wamtali, hi amakonda kuseka, ndipo ndikakhala ndi mavuto hi amandimvetsera mpaka..."

Telala anaika foni patebulo pang'onopang'ono. "Mwati ndani?"

"Mnzanga."

"Mwati hi."

"Sindinatero."

"Mwatero katatu. Chingerezi changa n'chochepa, koma hi ndimamudziwa. Hi amavala buluku."

"Aphunzitsi anati liwu likatuluka latuluka, osabwerera m'mbuyo. Ukayamba kudzikonza umataya malikisi."

"Ndiye ingonenani kuti mwalakwitsa, nkhani ithe."

Namwino anapinda manja pachifuwa. Kuvomera kulakwitsa pamaso pa munthu amene Chingerezi anachisiyira ku folomu thu? "Sindinalakwitse."

"Simunalakwitse."

"Ayi."

"Ndiye kuti ndi hi."

"Ndi hi. Pitirizani."

Telala anatola foni ija, naiyang'ana mozondotsa. "Funso lotsatira. Hi ameneyu amagwira ntchito yanji?"

"Ehee, mwayamba kuitha ntchitoyi! Woyesa weniweni amafunsa chonchi, funso pamwamba pa funso." Anabwerera m'Chingerezi. "Iyeyo ndi woyendetsa ndege."

"Kusukulu ya unamwino?"

"Anasintha."

"Ali ndi galimoto?"

"Yofiira."

"Ndevu?"

"Zometa bwino."

Telala anagwira chibwano chake. "Amakhala kuti?"

Namwino anasakasaka mawu m'mutu, nagwira amene anali pafupi, omwe anawaloweza bwino. "Amakhala m'nyumba yosanja yopaka utoto woyera."

Mpando unagwa chagada. Telala anali chilili.

"Ehee! Nyumba ija yapeza mwini wake!"

"Khalani pansi, nthawi ikutha."

"Ndiye zenera lija mumalitsegula m'mawa. M'mawa! Ine kuno ndikuwiritsira ana madzi osamba, ndikuti mayi awo ali pantchito ya usiku, pamene inu mukuona mapiri!"

"Kulibe mapiri!"

"Ndiye mumaona chiyani?"

"Sindiona kanthu, kulibe zenera!"

"Nyumba yosanja yopanda zenera? Woyendetsa ndege wanji ameneyo?"

"Amuna anga, munthuyo kulibe!"

"Wapita kuti? Wauluka?"

Namwino anagwira mutu ndi manja onse awiri. "Mayo ine!"

"Kusambira kuja tsopano ndakumvetsa. Ndiye anakuphunzitsani. Lamba wake sanaduke?"

"Ndamupeka pompano, patebulo pano, inu mukuona!"

"Munthu wopeka amakhala ndi galimoto yofiira? Bwanji simunati yabuluu? Munayankha osaganiza n'komwe. Ine kasitomala akandiuza m'chiuno mwake osaganiza, ndimadziwa kuti anayezetsa kale kwina."

"Ndiye luso limene akufuna pamayesowo, kuyankha osaganiza!"

"Ndi kunja mukufuna kupitaku, akakutengani ndani? Ndege yake yomweyo?" Anayamba kudinadina foni ya mkazi wakeyo. "Munamulemba dzina lanji umu? Pa H palibe munthu."

"Bweretsani foni yanga."

"Ndikuimbira alamu anga. Abwere adzamve okha zimene mlongo wawo akuchita m'Chingerezi."

"Mukaimbira achimwene, jekete limenelo mugona nalo panja."

Chala cha telala chinaima m'malere. Anadzutsa mpando, nakhala, nakonza tepi m'khosi.

"Ndiye timvane. M'nyumba muno, kaya m'Chingerezi kaya m'chiyani, muzinena zoona zokhazokha. Ndipo kumayesoko mukanene zomwezo."

"Zoona zokhazokha?"

"Zosasokerera ndi ulusi wina uliwonse."

"Mwanena nokha. Funsani."

Telala anawerenga funso lotsatira mokweza, ngati woweruza milandu. "Fotokozani munthu amene mumakhala naye."

Namwino sanamwetulire ulendo uno. Anakoka mpweya, ndipo Chingerezi chinatuluka ngati madzi a pampopi wothyoka.

"Ndimakhala ndi mwamuna wanga. Hi ndi telala."

"Yesi," anavomera telala, akugwedeza mutu.

"Hi ndi wamfupi, koma amati ndi wapakatikati. Amasoka mabuluku a anthu onse a mumsewu wathu, koma lake lili ndi chiboo kumbuyo, n'chifukwa chake amavala jekete kukutentha."

Telala anakokera jekete m'munsi.

"Akagona amaliza mkonono ngati makina ake osokera, ndipo nthawi zina phazi limapalasa. Amaopa mphemvu. Tsiku lina mphemvu itauluka anakwera pampando, n'kuitana mwana wathu wamkazi kuti adzaiphe, kenako anauza aneba kuti inali njoka."

"Inali yaikulu."

"Musandidule, bwana woyesa. Hi amasunga tizidutswa tansalu m'mapoto anga. Anandisokera yunifolomu dzanja lina lalitali lina lalifupi, n'kundiuza kuti wopendekeka ndine. Amayi anga akabwera, hi amalankhula mokhuthala ngati bwana, akangochoka amandifunsa kumene kuli masokosi ake, atawavala."

"Nthawi yakwana."

"Sindinamalize. Hi amalira pa maukwati, ngakhale a anthu osawadziwa. Amadaya tsitsi ndi polishi wa nsapato, ndipo mvula ikagwa..."

"Ndati nthawi yakwana! Thenkyu! Thenkyu vere machi!"

Namwino anaima, akupuma mwawefuwefu. Kenako maso ake anawala.

"Mwaona? Sindinakakamire ngakhale pamodzi! Hi ndi shi sindinasokoneze! Amuna anga, mwandithandiza. Zoona n'zosavuta chonchi? Ndikanena zimenezi basi, ndipo ndikawonjezera za tsiku lija munathawa galu wa pulasitiki pasitolo."

Telala anapukuta thukuta ndi nsonga ya tepi. "Kumayesoko amajambula mawu?"

"Amajambula."

"N'kuwatumiza kuti?"

"Kunja, kuti akamvetsere akuluakulu."

"Akuluakulu angati?"

"Kaya. Mwina gulu."

Telala anayang'ana kudenga. Kenako anakankhira foni kwa mkazi wake ndi zala ziwiri, nalankhula motsitsa mawu.

"Akazi anga, woyendetsa ndege uja ndi munthu wabwino kwambiri. Chonde musamusiye."